Mwana akufuna za sitima za hydrogen, ndimulole?

Mayi ena okhala ku Birmingham andilembera kuti mnyamata wawo akumaliza sekondale ndipo wakakamira zokaphunzira kukonza sitima za pa njanji zoyendera gasi wa hydrogen, pomwe iwo amafuna apange unesi poti ntchito yake siisowa. Akufunsa ngati zimenezi zili ndi tsogolo kapena mwanayu wangotengeka ndi za pa YouTube.

Mayi, mwana wanu sakulota ayi. Mu 2018 boma la Britain linanena kuti pofika 2040 sitima zodalira dizilo yekha zikhale zitachoka pa njanji, koma njanji zambiri za m'madera zilibe mawaya a magetsi pamwamba ndipo kuika mawayawo ndi ndalama zankhaninkhani, nchifukwa chake anthu akuyesa hydrogen. Konko kwanuko, University of Birmingham ndi kampani ya Porterbrook anatenga sitima yakale ya Class 319, nkuikamo matanki a hydrogen, fuel cell (chipangizo chopanga magetsi kuchokera ku hydrogen) ndi mabatire, inatuluka mu 2019 ndi dzina loti HydroFLEX.

Koma mverani za ku Germany. Ku dera la Lower Saxony sitima za kampani ya Alstom zotchedwa Coradia iLint zinayamba kunyamula anthu mu 2018, pofika 2022 oyang'anira za sitima kumeneko anali atagula 14 zoti zilowe m'malo mwa za dizilo, dziko lonse nkumaombera m'manja, kenako mu 2023 eni ake omwewo akuti njanji zotsalazo tiikapo sitima za mabatire poti nzotchipa kuyendetsa. Ndiye ine zoti mwana amangirire moyo wake wonse pa hydrogen basi, ayi ndakana.

Mumuuze chonchi, sitima ya hydrogen ndi sitima ya magetsi yomwe imapanga magetsi ake ikuyenda. Mu fuel cell hydrogen amakumana ndi oxygen wa mumpweya, mumatuluka magetsi, utsi wake ndi nthunzi ya madzi basi. Magetsiwo amapita ku batire ndi ku ma mota ozungulitsa mawilo. Amene wadziwa bwino ma mota, mabatire, waya wa magetsi amphamvu ndi kufufuza folti pa laputopu, kaya kupambane hydrogen kaya batire kaya mawaya apamwamba, yeyo ntchito ali nayo. Za matanki a gasi wothinikizidwa adzawonjezera ndi kosi yaifupi akalowa ntchito.

Alimbikire masamu ndi physics. Ngati magiredi ali bho, digiri ya electrical engineering, ndipo Birmingham yomweyo ili ndi gawo lofufuza za njanji. Ngati ndi wokonda sipanala kuposa mabuku musamunyoze, ayang'ane ma apprenticeship a Network Rail, kampani yosamalira njanji za ku Britain, kapena a Alstom ku Derby komwe si kutali ndi kwanu, amaphunzira uku akulandira kangachepe ndipo ngongole ya yunivesite palibe. Malowa amalimbirana heve, ndiye CV akonzeretu asanalembe mayeso omaliza, ndipo pa intavyu azitha kufotokoza chinthu chomwe anamasulapo nkumanganso ndi manja ake, olo ikhale njinga ya batire.