Makamera atatu pa laputopu imodzi: nditenge ngongole ndigule ina?

Funso: Ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi maliro kuno ku Zomba, n'kumaulutsa pa Facebook kuti achibale a ku Joni aziona. Ndinagula makamera atatu a USB. Ndikalumikiza yachiwiri chithunzi chimadukaduka, yachitatu siyaka n'komwe. Anzanga akuti laputopu yanga ndi yofooka. Kodi nditenge ngongole ku banki m'khonde ndigule ina?

Yankho: Achimwene, ngongoleyo iyambe yadikira. Mutha kugula laputopu yodula n'kukapeza vuto lomwelo pa ukwati wa Loweruka, chiwongoladzanja chikuwerengedwa.

Makamera a USB ambiri amayendera pulogalamu imodzi ya m'kati mwa Windows kapena Linux yotchedwa driver ya UVC. Kamera ikayamba kujambula, driver imaisungira malo ake panjira ya USB, ndipo malowo inzake singawagwiritse ntchito. Njira ya USB 2.0 imanyamula ma megabit 480 pa sekondi, koma zinthu zosungirana malo ngati makamera zimaloledwa 80 peresenti yokha. Kamera yotumiza zithunzi zosapanikiza, za mtundu wa YUY2, imadya ma megabit pafupifupi 147 pa chithunzi chaching'ono cha 640x480, zithunzi 30 pa sekondi. Makamera ambiri amapemphanso malo oposa amene akufunikira. Ndiye yoyamba yatenga, yachiwiri yapanikizika, yachitatu driver yaikaniza. Pa Linux pamabwera uthenga wakuti "No space left on device", anthu n'kumafufuta mafayilo poganiza kuti disiki yadzaza, chikhalirecho yadzaza ndi njira ya USB.

Apa m'pamene ndalama zimatayikira. Hub, kabokosi kochulukitsa mabowo a USB, ngakhale ya mabowo anayi, siikulitsa njira. Ili ngati misewu inayi yothera pa mlatho umodzi wopapatiza. Ngakhale bowo la buluu la USB 3.0 silipatsa kamera ya USB 2.0 liwiro lina, ndipo pa malaputopu ambiri mabowo onse amathera pa controller imodzi, kachipangizo ka m'kati koyendetsa njira ya USB.

Yesani izi kunyumba, osati pa mwambo wa eni ake. Mu OBS Studio, pulogalamu yaulere youlutsira mavidiyo, tsegulani Properties ya kamera iliyonse, musankhe Custom, pa Video Format muike MJPEG, chithunzi 1280x720, zithunzi 30 pa sekondi. MJPEG imapanikiza chithunzi m'kamera momwemo chisanalowe m'chingwe. Chotsani hub, kamera iliyonse ilowe bowo lake, ina kumanja ina kumanzere. Chingwe cha USB 2.0 chisapitirire mamita 5 pokhapokha chili chokhala ndi mphamvu yakeyake. Ndipo ngati makamerawo ali a mtundu umodzi, matani kapepala pa iliyonse ndi pabowo lake, chifukwa maina ake amafanana, ndipo mukazimitsa n'kuyatsanso mutha kupeza ya kuguwa yasinthana ndi ya kukhomo mkwatibwi akulowa.

Mukatero, tsegulani Task Manager ya Windows, yoonetsa mmene kompyuta yalemedwera, makamera onse akuyaka. CPU, ubongo wa kompyuta, ikamakhala pafupi ndi 100 peresenti, OBS n'kumadandaula kuti encoding (ntchito yopanikiza vidiyo youlutsa) yalemedwa, pamenepo anzanu aja anena zoona. Ikakhala pansi koma kamera yachitatu ikukanabe, laputopu yatsopano si mankhwala otsimikizika.

Ntchito ikakula, ine ndingaike ndalama pa switcher, kabokosi kosinthira makamera. ATEM Mini ya Blackmagic Design imalandira makamera anayi a HDMI, n'kutumiza chithunzi chimodzi ku kompyuta, ndipo driver imaona ngati kamera ndi imodzi. Koma chenjerani: makamera anu a USB salowa pamenepo. Mudzafunika makamera a HDMI, zingwe zake, ndi batire ya pamene magetsi athima. Muwerengere zonsezo pamodzi musanakopeke ndi mtengo wa switcher yokha.

Tsono tengani kope lanu. Kodi kasitomala amawonjezera zingati mukabwera ndi makamera atatu m'malo mwa awiri? Ngati simulipiritsa mosiyana, kamera yachitatuyo sikubweretsa ngakhale tambala, ndipo palibe chobwezera ngongole. Ikani mitengo iwiri kuyambira ntchito yotsatira. Ndalama yowonjezerayo muziisunga payokha m'nyengo ya maukwati, anthu akatha kukolola, ndipo mugawe mtengo wa zida zonse ndi ndalama yowonjezera ya ntchito imodzi kuti muone ntchito zingati zingabweze. Zikapitirira nyengo imodzi, pitirizani ndi makamera awiri pa MJPEG mpaka thumbalo likwane.