Azakhali, chifundo chandithera pa naiti

FUNSO: Azakhali, ine ndine namwino pa kachipatala kena kakumudzi kuno ku Mulanje, zaka 6 tsopano. Sabata yatha pa naiti ndinali ndekha, azimayi atatu ali mu leba, magetsi athima ndikuunikira tochi ya foni, ndiye agogo ena odikirira wodwala amangondikoka yunifolomu kuti anesi tamuoneniko mwana wangayu, ine ndinangowazazira kuti mayi khalani pansi sindine Mulungu. Anangoti zii nkubwerera pa benchi. Mwana wawoyo anachira bwinobwino koma nkhope ya agogo aja sikundichoka. Chondiopsa nchoti masiku ano wodwala akatisiya sindimvanso kanthu, ndimangolemba lipoti nkukamwa tiyi. Zinayamba nthawi ya namondwe wa Freddy ija. Kodi ndasanduka munthu woipa? Ndisiye ntchito?
Namwino wotopa, Mulanje

YANKHO: Mwana wanga, munthu woipa sasowa tulo chifukwa cha nkhope ya agogo. Iweyo watopa, kutopa kwenikweni kofika m'mafupa. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti kutopa kotere kumabwera ndi ntchito, ndipo zizindikiro zake ndi zomwe walembazi: mphamvu kutha, mtima kutalikira ntchito ndi anthu, nkumadziona ngati palibe chomwe ukuphulapo.

Ndiye ukuti zinayamba ndi Freddy, aaa ine sindikudabwa. Marichi 2023 uja madzi ndi miyala zikutsika m'phirimo, milatho itakokoloka, kolera nayenso asanathe, inu anamwino munkalandira ovulala pomwe kwanu simukudziwa ngati abale ali moyo. Ena tonsefe tinakhala pa maliro tinalira, inu munabwerera pa dyute. Misozi imene sinatuluke ija sinapite kulikonse ayi, mtima unangodzitsekera kuti upitirize kugwira ntchito.

Koma ndisakunyengerere, agogo aja unawalakwira. Mayi amene mwina ndalama ya kabaza anachita kukongola, amagona pa simenti, amaphikira wodwala pa mafuwa kuseri kwa chipatala, m'maso mwake iweyo ndiwe boma lonse, ukamukalipira ulendo wina adzamusunga mwana wake kunyumba mpaka zinthu zitavuta. Alangizi a zaumoyo amadziwa khomo lililonse, afunse akulozere. Ukafike, ukagwade, ukati agogo tsiku lija ndinalakwa. Sipafunika shuga kapena sopo, ngakhale ine ndikanatenga kapaketi ka tiyi, poti kwanuko ndi komwe amachokera.

Za kusiya ntchito dikira kaye, munthu sagamula nkhani atangochoka pa naiti. Pita kwa in-charge wako kapena a matroni ku boma ukapemphe holide yako, ndipo usakaigulitse ndi ma lokamu, maganyu a kuchipatala a nthawi yopuma aja, ndikudziwa malipiro sakufika pa 15 pa mwezi koma lokamu pamwamba pa lokamu ndi imene ikukumalizayo. Za kukhala wekha ndi azimayi atatu mu leba uzilembe pa pepala, nkhani za pakamwa zimauluka, ndipo a NONM, bungwe loimira anamwino ndi azamba, alipo chifukwa cha zoterezi. Ukaona tulo sitikubwera, kapena maganizo oipa ayamba kukuyendera, kaonane ndi anzako oona za matenda a maganizo ku chipatala cha boma, usachite manyazi poti munaphunzira limodzi.

Chinanso, tiyi uja ukatha kulemba lipoti usamamwe wekha. Itana mnzako, ngakhale mayi wokolopa mu wodi yemwe anaona zomwe waonazo, mutchuleko dzina la malemuyo. Undilemberenso ukabwerako kwa agogo, ndikufuna ndimve anati chani.
Azakhali