Mukapita kukadya za Achamorro, yambani ndi kelaguen

Achemwali, mwati mnzanu wa kuntchito wochokera ku Guam wakuitanani ku lesitilanti ya zakudya za kwawo ku San Francisco, ndiye mukufunsa choti mukaitanitse, komanso ngati n'zofanana ndi za ku Philippines. Lachiwirilo mwafunsa bwino kuno, koma patebulo pakakhala mwini wake musakalitchule. Zina zimafananadi, koma Achamorro ndi mtundu pawokha, eni zilumba za Mariana, monga Guam, Saipan, Tinian ndi Rota, ndipo anatopa n'kuyesedwa anthu ena.

Ine ndadyapo kangapo ku California kuno. Musathamangire zamakono zomwe ophika akometsera pa menyu. Yambani ndi zitatu zomwe sizisowa pa phwando la kwawo, lomwe amalitcha fiesta, chifukwa pamenepo ndi pomwe luso la wophika limaonekera.

Choyamba ndi kelaguen. Amawotcha nkhuku pamakala, n'kuiduladula tizidutswa, n'kusakaniza ndi mandimu, anyezi, kokonati wopala ndi tsabola wawo wa donne'. Imabwera yozizira, musaganize kuti aiwala kutenthetsa. Ya nsomba kapena ya ng'ombe nthawi zambiri siona moto, amangoinyika m'mandimu, ndiye ngati zosaphika zimakuvutani, khalani pa ya nkhuku. Mumadyera titiyas, timikate topyapyala. Dzinalo linachokera ku tortilla ya ku Mexico, pakuti zombo za Aspanya zochoka ku Acapulco kupita ku Manila zinkaima pa Guam, ndipo chimanga chinafika nazo. Nazonso njere za achiote zomwe zimafiiritsa mpunga wawo zinadzera njira yomweyo. Mpungawo ndiye chachiwiri. Musayembekezere kukoma kwa tomato, mulibe tomato, muli kafungo kake ka dothi pang'ono.

Chachitatu ndi fina'denne', kamsuzi kothira pamwamba ka soy sauce, viniga kapena mandimu, anyezi ndi tsabola. Banja lililonse lili ndi kapangidwe kake, ndipo mnzanuyo akangolawa mudzaona pankhope ngati malowo apambana. Donne' ndi wamng'ono koma amaluma ngati kambuzi, thirani pang'onopang'ono.

Zitatuzi zikakoma, pamenepo sewerani ndi zamakono. Prubechu, lesitilanti yomwe inatchuka m'dera la Mission ku San Francisco, inadziwika ndi tinaktak wokonzedwa mwamakono. Kwawo tinaktak ndi nyama ya ng'ombe yosinja yophika mu mkaka wa kokonati, amadyera mpunga. Mukaona ko'ko' wings musadandaule, ndi mapiko a nkhuku wamba. Ko'ko' weniweni ndi mbalame ya ku Guam yosauluka, yomwe inatsala pang'ono kutha ndi njoka yobwera yomwe inalowa pachilumbapo nkhondo yachiwiri itatha. Mukaonanso Spam musaseke. Nyama yam'chitini inazika mizu asilikali a America atalandanso chilumbacho kwa Ajapani mu 1944, ndipo anthu amaikonda zenizeni.

Chomwe chimandidandaulitsa m'malo amakonowa ndi kuchepa kwa chakudya m'mbale poyerekeza ndi mtengo. Chakudyachi chinabadwira pa tebulo lalitali pomwe mlendo amapakula mpaka mbale kusefukira, n'kulongedzeredwanso china chopita nacho kunyumba. Tsono musaitanitse aliyense yake. Itanitsani mbale zinayi kapena zisanu, muike pakati.

Pakakhala gollai hagun suni tengani. Ndi masamba a koko, kapena sipinachi kuno kunja, ophikidwa mu mkaka wa kokonati, ndipo amandikumbutsa nkhwani wotendera. Pomaliza pali latiya, keke wothiridwa kasitadi ndi sinamoni, koma ine ndimasankha buñelos aga. Mukaluma mudzaseka nokha, n'zitumbuwa ndithu, kungoti ufa wake ndi watirigu.

Polowa nenani kuti håfa adai, ndiwo moni wawo. Mukabwerako mudzatiuze ngati tsabola uja munamutha.