Kodi zilonda za m'mimba zimasanduka khansa? Yankho kwa mayi amene akudwazika bambo awo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akudwazika bambo awo a zaka 64. Akuti kwa miyezi 8 bambowo akhala akumwa mankhwala a zilonda za m'mimba, koma akungowonda, akadya mbamu ziwiri za nsima amati akhuta, ndipo chimbudzi chawo chayamba kuda ngati phula. Funso lawo lili pawiri: kodi zilonda zimasanduka khansa, nanga ikapezeka kuti ndi khansadi, n'zoona kuti opaleshoni imafulumizitsa imfa monga achibale ena akunenera?

Mayi, chilonda wamba sichisanduka khansa kawirikawiri. Chimene chimachitika n'chakuti khansa ikamayamba m'chifu imadzibisa ngati zilonda, chilungulira chake n'chomwecho, ululu wa pansi pa chifuwa ndi womwewo, ndipo mankhwala ngati omeprazole amatha kuziziritsa ululuwo kwa kanthawi chotupa chikukulabe. Matenda awiriwa alinso ndi gwero limodzi, kachirombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene madokotala a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anasonyeza kuti ndiko kamayambitsa zilonda zambiri, mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Anthu ambiri amakatenga ali ana ndipo amakalamba nako osadwala khansa, koma mwa ena ochepa kamatupitsa khungu la m'kati mwa chifu kwa zaka zambiri mpaka maselo ake n'kusokonekera. Fodya, mowa wambiri, zakudya zamchere wochuluka ndi zowamba, komanso kukhala ndi kholo kapena m'bale amene anadwalapo, zimawonjezera chiopsezo.

Zimene mwafotokozazo sindingazitchule kuti khansa ndili kuno, koma kwa munthu wa msinkhu umenewo sizoyenera kumangowonjezera mapiritsi. Chimbudzi chakuda ngati phula kawirikawiri chimasonyeza kuti magazi akutayika m'kati, ndipo chimenechi chokha n'chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala mwamsanga. Pemphani kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, kuti akawaunike ndi endoscopy. Wodwala amapita asanadye, amamuwaza mankhwala ochititsa dzanzi kukhosi, kenaka amalowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kudzera m'kamwa mpaka m'chifu, n'kutsina kamnofu kakang'ono kokapima. Kamnofuko ndi kamene kamapereka yankho lenileni. Kuunikaku kumaonanso kummero, kumene khansa yake ndi yofala kwambiri kuno ku Malawi kuposa ya m'chifu.

Tsopano za opaleshoni, pamene ndikuona kuti mantha a banja lanu agona. Mawu akuti mpeni umadzutsa khansa anabadwa chifukwa odwala ambiri amafika mochedwa, madokotala n'kutsegula, n'kupeza kuti yafalikira kale kuchiwindi kapena m'mimba monse; munthuyo akamwalira, anthu amaloza chala opaleshoni. Zoona zake n'zakuti khansa imene sinafalikire kutali, njira yaikulu yoichiritsira ndiyo kudula mbali ya chifu kapena kuchotsa chonse pamodzi ndi timwanabele tozungulira, kenaka n'kulumikiza chotsalacho, kapena mmero weniweniwo, kumatumbo aang'ono. Nthawi zambiri amaperekanso chemotherapy, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, opaleshoni isanachitike ndiponso ikachitika, pofuna kuchepetsa chotupa ndi kupha maselo otsalira. Ku Japan ndi ku South Korea, kumene amaunika anthu asanayambe kudwala, ambiri amachira chifukwa chotupa chimapezeka chidakali chaching'ono.

Ikapezeka kuti yafalikira, chithandizo sichitha ayi, chimangosintha cholinga: chemotherapy yochepetsa liwiro la matenda, kuwonjezera magazi, ndi morphine wakumwa woletsa ululu, amene chipatala ngati Tiyanjane ku Queen Elizabeth chimathandiza nawo odwala otere.

Munthu amakhala ndi moyo wopanda chifu, ngakhale kadyedwe kamasintha. Mbale yodzaza ya nsima masana imalowedwa m'malo ndi tizakudya tochepa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, monga phala lansinjiro, dzira kapena nsomba yofewa, zotafunidwa bwino, madzi n'kumwa patapita kanthawi. Amene wachotsedwa chifu chonse amafunikanso jakisoni wa vitamini B12 moyo wake wonse, choncho mukadzafika pamenepo mudzafunse adokotala kumene bambo azikabayitsira pafupi ndi kwanu.