Pitani ku Val Thorens, koma Lowerukalo mulikonzekere

Achimwene, mwati Loweruka likubwerali mukunyamuka ku Manchester kupita ku Geneva, kuchoka apo ku Val Thorens, malo a masewera a pa chipale m'mapiri a ku France, kukatha sabata ndi anzanu akuntchito. Mwati aka n'koyamba kuti muvale ski, timatabwa ta kumapazi totsetserekera pa chipale, ndipo foni ikuonetsa kuti kuyambira Lachisanu mpaka Lamlungu kugwa chipale chofewa chokwana mita yathunthu. Mukufunsa ngati muusiye ulendowu. Ine ndikuti pitani. Anzanuwo, ngati anazolowera masewerawa, panopa mtima uli dyokodyoko, chifukwa chipale chatsopano ndi chimene anthu amatayira ndalama zonsezi. Koma walira mvula walira matope. Chipale chomwecho chimavutitsa pawiri: pamsewu tsiku lofika, ndi kunja kwa njira zoikidwa zizindikiro kuphiriko. Mukasamala pawiripa, zotsalazo n'zopepuka.

Ndiyambe ndi nambala ya pafoniyo. Kuphiri, ulosi wa zanyengo wopitirira masiku atatu umanena zoona kuti namondwe akubwera, koma pa kuchuluka kwa chipale umasinthasintha. Mita ya lero ikhoza kutsika n'kukhala theka pofika Lachinayi, ikhozanso kukwera. Siyani kudalira mapulogalamu a pafoni okha. Tsegulani tsamba la Météo-France, bungwe la boma la France loona zanyengo, muone chigawo cha Savoie, kumene kuli Val Thorens. Ali ndi mapu a chenjezo a mitundu inayi, wobiriwira, wachikasu, wa olenji ndi wofiira, ndipo madzulo aliwonse cha m'ma 4 koloko amatulutsa uthenga wapadera wonena za kugumuka kwa chipale m'mapiri. Poyang'ana, musaone chipale chokha. Onaninso mphepo, chifukwa ndi imene imaimitsa malifiti okweza anthu kuphiri.

Tsopano za msewu, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ulendo wanu ungaonongekere. Kuchoka ku Geneva mudzadutsa cha ku Annecy, Albertville, kenako msewu wa N90 mpaka ku Moûtiers. Tsiku labwino ulendo wonse umatenga maola atatu kapena kucheperako. Vuto n'lakuti Loweruka ndi tsiku limene alendo a sabata yatha amatsika pamene a sabata yatsopano akukwera, ndipo onse opita ku Val Thorens, Méribel, Courchevel, La Plagne, Les Arcs, Tignes ndi Val d'Isère amapanikizana m'chigwa chimodzi chomwechi. Chipale chikagwa Loweruka lotero, galimoto imodzi yopanda matayala oyenera ikangopingasa, mzere wonse umaima. Pa 27 December 2014 zinachitikadi. Anthu pafupifupi 15,000 anakanika kufika kumene ankapita ku Savoie, ndipo ambiri anagona m'maholo a masewera ndi m'masukulu. Sizichitika chaka chilichonse, koma kuchedwa maola angapo n'kofala.

Kuchoka ku Moûtiers, tauni imene ili pansi m'chigwa pa mamita osakwana 500, msewu umakwera mokhotakhota makilomita pafupifupi 37, kudutsa Saint-Martin-de-Belleville ndi Les Menuires, mpaka pa mamita 2,300. Ngati simunayendetsepo galimoto pa chipale, musayambire pa msewu umenewu, usiku, mukuyendetsa mbali ya kumanja imene simunaizolowere. Lipirani basi kapena minibasi yonyamula alendo kuchokera pabwalo la ndege, ndipo mulipire lero lomwe mipando isanathe. Madalaivala ake amakwera phirili tsiku ndi tsiku. Komanso ku Val Thorens galimoto siloledwa kugona m'mbali mwa msewu, muyenera kuilipirira malo oimikapo sabata yonse, ndiye galimoto yahayala ingokudyerani ndalama ili chiimire.

Ngati gulu lanu lahayala kale galimoto, dziwani kuti lamulo la ku France limati kuyambira pa 1 November mpaka pa 31 March, m'madera a m'mapiri ngati Savoie, galimoto ikhale ndi matayala a nyengo yozizira kapena inyamule matcheni. Chipale chikachuluka apolisi amaima m'munsi mwa phiri n'kubweza aliyense amene sanamange matcheni pomwe chikwangwani chikulamula. Imbirani kampaniyo mufunse ngati matayala ndi oyenera komanso ngati matcheni alimo. Mukalandira galimoto, yesani kuwamanga pomwepo pabwalo la ndege, pouma ndi powala. Kuphunzira kumanga matcheni m'mbali mwa msewu, zala zitauma ndi kuzizira, n'chinthu chimene sindingafunire munthu. Nyamulani tochi ndi magolovesi akale a ntchitoyo, thanki ikhale yodzaza musanayambe kukwera, ndipo matcheni akakhala kumatayala musapitirire liwiro la makilomita 50 pa ola.

Kaya ndi basi kaya galimoto, m'chikwama cha m'manja muikemo madzi, chakudya chokwanira tsiku lonse, mankhwala amene mumamwa, batire lotchajira foni, ndi jekete lanu lotentha. Musaliike m'sutikesi ya pansi pa basi. Za ndege, kumbukirani kuti mukalepheretsa ulendo nokha chifukwa cha mantha a nyengo, nthawi zambiri ndalama zimapita. Ikakhala kampani ya ndege imene yalepheretsa, lamulo limaikakamiza kukubwezerani ndalama kapena kukupezerani ndege ina. Ndiye dikirani iwo ayambe.

Mukafika, musadabwe Lamlungu m'mawa kumva kuphulika kuphiri ngati mabomba. Ndi ogwira ntchito yoteteza njira, akugwetsa dala chipale chimene chalendewera m'malo oopsa anthu asanatuluke. Chifukwa cha ntchito imeneyi malifiti a pamwamba, monga opita ku Cime Caron pa mamita 3,200, amachedwa kutsegulidwa kapena satsegulidwa n'komwe tsikulo. Anzanu odziwa adzadandaula, koma inu sizikukukhudzani kwenikweni. Wophunzira amayambira pansi, pafupi ndi nyumba, pamene pali malamba oyenda okha okweza anthu pang'onopang'ono. Pachifukwa chomwechi musathamangire kugula tikiti yodula ya malifiti a dera lonse la Les 3 Vallées, lophatikiza Val Thorens ndi malo oyandikana nawo, la njira za makilomita 600. Masiku oyamba simudzaigwiritsa ntchito. Funsani ya ophunzira, n'kudzakweza pakati pa sabata miyendo ikazolowera.

Val Thorens ili pamwamba kwambiri moti mitengo simera. Kutalikaku n'kumene kumasunga chipale chake chabwino, koma namondwe akabwera kumakhala koipa. Nthaka yoyera, thambo loyera, palibe mtengo woti diso ligwirepo, ndipo munthu sadziwa ngati akutsika kapena waima. Ena amachita chizungulire mpaka nseru. Zikatero yendani pang'onopang'ono kutsata timitengo tozikidwa m'mbali mwa njira, kamtengo ndi kamtengo. Ku France timitengo ta kudzanja lamanja, munthu akamatsika, timakhala ndi mtundu wa olenji kumutu kwake, choncho mukhoza kudziwa ngati muli mkati mwa njira kapena mwatuluka. Anzanu odziwa bwino akhoza kutsikira ku Méribel kumene kuli nkhalango ndipo kumaoneka bwinoko. Inu, mukaona kuti kamtengo kotsatira sikakuoneka, lowani m'nyumba mumwe tiyi. Tsiku limodzi lotayika pa sabata si kanthu.

Nkhani imene ndikufuna muimvetse kuposa zonse ndi iyi. Namondwe akatha, dzuwa lidzatuluka, phiri lonse lidzakhala losalala lopanda phazi la munthu, ndipo wina m'gulu lanu adzati, tiyeni tingopatukira apa pang'ono, ndi pafupi ndi njira pomwe. Mukane. Chipale chatsopano chimafuna masiku kuti chigwirane ndi chakale cha pansi pake. Mphepo imachiunjika mbali imodzi ya phiri n'kupanga chigamba cholimba pamwamba koma chosagwira pansi, ndipo kulemera kwa munthu mmodzi n'kokwanira kuchithyola. Malo oopsa kwambiri ndi otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, omwenso ndi amene amakopa maso. Chikagumuka chimatsika ngati napolo, kukokolola chilichonse, ndipo chikaima chimauma gwa moti wokwiririka sangasunthe ngakhale dzanja. Akapanda kufukulidwa m'mphindi 15 zoyambirira, mwayi wopulumuka umatsika msanga kwambiri. Pa ngozi zambiri zotere, amene amayambitsa kugumukako ndi wokwiririka yemweyo kapena mnzake wa m'gulu.

Ku Ulaya kuopsa kumeneku amakuyeza kuyambira pa 1 mpaka 5, ndipo nambala ya tsikulo imaikidwa pamalo okwerera malifiti. Anthu amanamizika ndi 3, poganiza kuti ndi ya pakatikati, pomwe imfa zambiri zimachitika pa 3 pomwepo chifukwa anthu amalimba mtima. Ndi chipale chimene mukunenachi, yembekezerani 4. Njira zoikidwa zizindikiro zikakhala zotsegula ndiye kuti akatswiri aziyendera, ndipo mukhoza kusewera mtima uli m'malo. Mukaona chingwe, ukonde kapena chikwangwani cholembedwa kuti fermé, njirayo ndi yotseka, ngakhale mutaona mapazi a ena amene adutsa pansi pa chingwe. Amene amapita kunja kwa njira mwanzeru amatenga wowatsogolera wodziwa phirilo, kachipangizo kofufuzira munthu wokwiririka, fosholo ndi ndodo yobayira, ndipo anaphunzira kuzigwiritsa ntchito. Zimenezo si za ulendo woyamba.

Ngakhale m'mudzi momwemo mverani zimene akuluakulu a malowo alengeza. Mu April 2025 kunagwa chipale choposa mita ku Savoie m'maola ochepa, ku Tignes anthu anauzidwa kuti asatuluke m'nyumba, ndipo ku Val Thorens konko mnyamata wa ku Britain anamwalira atakokoloka ndi chipale ali m'mbali mwa msewu. Akati khalani m'nyumba, khalani. Poyenda musadutse m'munsi mwa madenga, chipale chimaterereka kuchokera pamwamba mosachenjeza.

Musalole mnzanu wakuntchito kukhala mphunzitsi wanu. Amakhala ndi mtima wabwino, koma pakatha ola amatopa nanu n'kukukwezani njira yofiira imene simungaithe. Njira zimayamba ndi zobiriwira, kenako zabuluu, zofiira, n'kumalizira zakuda. Zanu ndi zobiriwira, mwina zabuluu kumapeto kwa sabata. Lembetsani maphunziro a m'mawa, kaya ku ESF, sukulu ya ski ya ku France ya aphunzitsi ovala zofiira, kaya kusukulu ina, munene kuti mukufuna wolankhula Chingerezi. Ndikunena m'mawa chifukwa usiku makina amasalaza njira, pamene masana chipale chofewa chimaunjikana timilumilu chifukwa cha anthu odutsa, ndipo wophunzira wotopa amapotokola bondo pamenepo. Ubwino wake, kugwa pa chipale chatsopano sikupweteka ngati kugwa pa chouma.

Inshulansi muiwerenge usiku uno. Ngati munatenga viza ya Schengen pa pasipoti ya Malawi, munagula inshulansi ya mayuro 30,000 imene amafuna ija, koma zambiri zotere sizikhudza masewera a pa chipale pokhapokha mutawonjezera. Khadi la GHIC, la zaumoyo limene okhala ku Britain amayenda nalo ku Ulaya, limathandiza kuchipatala cha boma, koma sililipira okutsitsani kuphiri mukavulala, ndipo ku France ntchito imeneyo mumalipira nokha, mayuro mazanamazana, helikopita ikabwera ndiye masauzande. Pogula tikiti ya malifiti amafunsa ngati mukufuna Carré Neige, ya mayuro ochepa patsiku, yolipira kupulumutsidwa kumeneku. Ngati inshulansi yanu ilibe mbali imeneyo, itengeni. Sungani m'foni nambala ya opulumutsa yolembedwa pa mapu a njira, ndi 112, nambala yoimbira pangozi ku Ulaya. Zikwangwani zozungulira za m'mbali mwa njira zili ndi dzina la njira ndi nambala, ndipo ndi zimene mumatchula poitana thandizo.

Zovala musawonongerepo ndalama zambiri. Ski, nsapato zake, ndodo ndi helemeti mudzabwereka komweko. Jekete ndi buluku zosalowa madzi mukhoza kupempha kwa mnzanu kapena kugula ku sitolo ya zamasewera ya Decathlon, ngakhale zakaunjika pa tsamba la intaneti la Vinted. Mkati muvale zopyapyala ziwiri kapena zitatu zosanjikiza, koma osati za thonje, chifukwa thonje likanyowa ndi thukuta limazizira pathupi. Jinzi ayi. Sokosi peyala imodzi yokha yaitali, chifukwa mukaphatikiza ziwiri nsapato imathina, magazi sayenda, zala zimazizira koposa. Magolovesi tengani awiriawiri kuti ena aziuma. Chimene musaumire ndi magalasi otchinga maso onse, okhala ndi galasi lachikasu kapena la pinki lothandiza kuona kunja kukachita mdima wa chipale.

Dzuwa likadzatuluka mudzafunanso galasi lakuda ndi mafuta oteteza khungu. Ife akhungu lakuda timakonda kunena kuti dzuwa la ku Ulaya silingatiotche, koma chipale chatsopano chimabweza mpaka 80 peresenti ya cheza choopsa cha dzuwa, ndipo pamwamba chotero cheza chimakhala champhamvu kale. Milomo imang'ambika, maso amatha kupsa n'kumamveka ngati muli mchenga usiku wonse. Mpweya nawonso ndi wochepa pa mamita 2,300, choncho usiku woyamba mutu ukhoza kuwawa, tulo n'kuvuta, masitepe n'kukupumitsani wefuwefu. Imwani madzi ambiri, ndipo mowa wa tsiku lofika muusiyire Lachiwiri. Mutu ukapitirira kuwawa kwambiri, kapena mukayamba kusanza ndi kubanika muli chikhalire, pitani kuchipatala cha pamalopo tsiku lomwelo.

Lachisanu madzulo onaninso Météo-France ndi Bison Futé, tsamba la boma lonena za kuchuluka kwa magalimoto m'misewu. Mukaona chenjezo la olenji ku Savoie ndipo ndege yanu ikutera madzulo, kambiranani ndi anzanu zogona ku Geneva, Annecy kapena Albertville n'kukwera phiri Lamlungu m'mawa makina atakankha chipale mumsewu. Imbiraninso kumene mukagone muwauze kuti mwina mufika mochedwa, akuuzeni kumene adzasiye makiyi.