Nyumba yomwe agogo a ku England amaiopa: bwanji saigwetsa?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wathu wina, namwino yemwe akugwira ntchito ku England. Akuti pachipatala chawo pali chinyumba chakale cha njerwa, makonde ake opanikiza moti kukhotetsa bedi la wodwala ndi ntchito ya anthu atatu. Tsiku lina gogo wina atamva kuti akagona kumeneko, anawagwira mkono mwamphamvu n'kuwachonderera kuti asawapititse ku workhouse. Ndiye achemwali akufunsa kuti workhouse n'chiyani, ndipo ngati nyumbayo imaopsa anthu chonchi, boma likuitetezeranji?

Achemwali, gogoyo sanasokonezeke mutu. Mantha amenewo anayamwira kwa makolo awo. Workhouse inali nyumba yosungiramo amphawi, ndipo lamulo la mu 1834 litakhazikitsidwa, anaikonza dala kuti moyo wa m'menemo ukhale wowawa kuposa wa waganyu wosaukitsitsa wa kunja, kuti munthu asapiteko pokhapokha zitafika pa mwana wakana phala. Banja likangolowa pageti ankaligawa: bambo uku, mayi uko, ana kwina. Ntchito yake inali kuphwanya miyala ndi kumasula zingwe zakale za sitima mpaka zala kutuluka magazi. Manyazi ake anali aakulu moti kuyambira mu 1904 pa chikalata cha mwana wobadwiramo ankalembapo nambala ya nyumba ndi dzina la msewu basi.

Nkhanzazo zinamangidwa ndi njerwa. Mapulani otchuka a Sampson Kempthorne, katswiri wojambula mapulani a nyumba, anali ngati mtanda: woyang'anira pakati, mabwalo anayi otchingidwa ndi makoma mozungulira, kuti iye aziona onse koma mwamuna asaone mkazi wake. Ku Southwell ilipo ina ya mu 1824 yomwe bungwe losamalira malo akale la National Trust limaonetsa alendo.

Yomwe ndikufuna tiione bwino ndi ya pa Cleveland Street ku London, yomwe inamangidwa m'ma 1770 kuti isunge amphawi a parishi ya St Paul, Covent Garden. Ndi ya njerwa, yopanda zokongoletsa, mawindo ofanana atandandalikana, ndipo ukaiona kuchokera kumwamba ili ngati chilembo cha H. Mu 1856 munalowa dokotala Joseph Rogers. Anapeza kuti osamalira odwala anali amphawi anzawo, ambiri okalamba, ena olipidwa ndi mowa. Mankhwala ankagula yekha ndi malipiro ake. Panja pa mawodi anthu ankakuntha makapeti a eni ndalama, fumbi lonse n'kumalowa kwa odwala chifuwa. Rogers anadandaula osatopa mpaka akuluakulu anamuchotsa, koma phokoso lake ndi la anzake linathandiza kubweretsa lamulo la mu 1867 loti amphawi odwala a mu London azisamalidwa m'zipatala zawozawo. Kuseri kwa nyumbayi kunamangidwa mawodi ataliatali a mawindo mbali zonse ziwiri kuti mpweya uzidutsa, monga ankalimbikitsira namwino wotchuka Florence Nightingale. Kenako inakhala mbali ya Middlesex Hospital, ndipo odwala oyendera ankalandiriramo chithandizo mpaka mu 2005.

Umu ndi mmene zinayendera m'malo ambiri. Mu 1930 nyumbazi zinapita m'manja mwa makhonsolo, ndipo NHS, ntchito ya boma ya zipatala zaulere, itayamba mu 1948 inalandira zambiri ngati zipatala. Ku Leeds, workhouse yakale inakhala chiyambi cha chipatala cha St James's, ndipo lero muli Thackray Museum of Medicine.

Za chitetezo tsopano. Ku England nyumba ikalembedwa m'kaundula wa zakale imapatsidwa Grade I, Grade II* kapena Grade II, malinga ndi kufunika kwake, ndipo zambiri zili pa Grade II, gawo lotsika pa atatuwa. Bungwe la boma loona za malo akale la Historic England limapereka uphungu, nduna ndiyo imagamula. Sikuti nyumbayo singakhudzidwe ayi, koma kuigwetsa kapena kusintha maonekedwe ake popanda chilolezo chapadera ndi mlandu. N'chifukwa chake kukulitsa khonde lanu lija kumatenga mapepala ambirimbiri.

Ya pa Cleveland Street inatsala pang'ono kugwa. Pempho loyamba loilemba linakanidwa mu 2008. Kenako katswiri wa mbiri yakale Ruth Richardson anapeza kuti Charles Dickens, mlembi wa Oliver Twist, buku lotchuka la mwana wamasiye wa mu workhouse, anakhalapo pamsewu womwewo, nyumba zochepa chabe kuchokera pageti. Anthu anasonkhanitsa masiginecha, ndipo mu Marichi 2011 inalembedwa pa Grade II. Apa ndi pomwe mtima wanga umawawa. Amphawi omwe anafera m'menemo, n'kuikidwa mothinana kumanda a kuseri kwake, sanakwanire kuipulumutsa mpaka patapezeka dzina la munthu wotchuka. Ndiponso chitetezocho chinagwira nyumba yakutsogolo yokha. Mawodi aja, omwe anali umboni wa nkhondo ya Rogers, anagwetsedwa pokonzanso malowo, ndipo mafupa anafukulidwa.

Ine maganizo anga ndi akuti odwala asamagonekedwe m'nyumba yomwe siyenereranso ntchito ya chipatala. Awasamutsire kwabwino, chinyumbacho chikhale maofesi, malo ophunzirira kapena nyumba zogona. Koma kugwetsa ayi. Za m'mabuku munthu akhoza kutsutsa kuti n'zokokomeza, koma khoma lomwe linkalekanitsa mayi ndi mwana wake ukaligwira ndi dzanja sungalikane. Komanso chipatala chaulere chomwe mukugwiramo ntchitocho mbali ina chinaphukira m'makoma omwewo.

Mukapeza mpata pa nthawi yopuma, yendani pang'onopang'ono m'nyumba yanuyo. Yang'anani zitseko zomwe anazitseka ndi njerwa zamtundu wina, masitepe awiri oyandikana opita kumalo amodzi, mizere pakhoma pomwe panachoka mpanda wogawa bwalo, ndi chaka chomwe chinasemedwa pamwamba pa khomo lalikulu. Ndipo gogo wina akadzakugwiraninso mkono, musathamangire kuwauza kuti zimenezo zinatha kale. Khalani pansi, muwafunse kuti ndani wa kwawo analowamo, kenako muwauze tsiku lomwe dokotala akuyembekezera kuwatulutsa ndi nthawi yomwe abale awo angabwere kudzawaona.