Funsani a Sensei (mphunzitsi wa karate): Nsapato tivule kapena tivale?

FUNSO: A Sensei, mwana wanga wa zaka 11 wayamba karate mwezi wathawu. Amaphunzira Loweruka m'holo ya tchalitchi, koma holoyo ikakhala ndi msonkhano amapita pabwalo la sukulu. Ndinamugulira nsapato zothamangira pa kaunjika, zabwinobwino, aphunzitsi ake n'kumuuza kuti azivula. Sabata yatha wabwera ndi matuza awiri kuphazi. Kodi kuvula nsapatoku ndi lamulo, kapena tikungotengera mwambo wa eni ake? Mayi wa ana atatu, Chilomoni.

YANKHO: Mayi, ndiyambe ndi matuzawo poti ndi amene akukusowetsani tulo. Amenewo tonse tinadutsamo. Mwana akamaphunzira kutembenuka, khungu limakhuzika pansi lisanakhwime. Musawaboole ndi singano. Tsukani ndi sopo, matani pulasitala, adzauma okha. Koma mukaona mafinya, kapena phazi latupa n'kumatentha, pitani naye kuchipatala.

Tsopano za mwambo. Ndi mwambodi, koma uli ndi pochokera. Karate kwawo ndi pachilumba cha Okinawa, ndipo Gichin Funakoshi anakaionetsa ku Tokyo mu 1922. Ku Japan munthu salowa m'nyumba ndi nsapato, amazisiya pakhomo, chifukwa pansi pamakhala matabwa osalala kapena tatami, mphasa zochindikala zimene anthu amakhalapo, kudyerapo ndi kugonapo. Judo, imene Jigoro Kano anayambitsa mu 1882, inakulira pa tatami pomwepo. Izi kwa ife si zachilendo. Ndani angaponde ndi nsapato pamkeka pamene agogo akudyera nsima? Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko nyumba yonse ndi mkeka.

Koma taonani anzawo a ku China. Kung fu ambiri amachitira panja, pamabwalo a miyala ndi a dothi, ndipo amavala nsapato zansalu zopyapyala. Ku France kuli savate, dzina limene tanthauzo lake ndi nsapato yakale, ndipo kumeneko nsonga ya nsapatoyo ndiye chida chenicheni. Ankhonya amavala, a sambo ku Russia amavalanso. Onsewa ndi akatswiri, palibe amene angamunene mnzake kuti ndi wofooka. Aliyense anayang'ana pansi pamene ankapondapo n'kusankha chomuyenera. Ifenso tizitero, osati kungoloweza kuti karate ndi ya mapazi okhaokha.

M'holo, ngati pansi ndi posesa ndi pokolopa, ndili mbali ya aphunzitsi ake. Phazi lili ndi mafupa 26, ndipo zala zimagwira pansi ngati nkhuku ili pamtanda. Mwana wosavala nsapato amamva yekha ngati thupi lapendekera kutsogolo kapena latsamira chidendene. Inenso ngati mphunzitsi ndimafuna kuona zalazo. Pali theche loloza kutsogolo limene timalitcha mae geri. Pomenya thecheli zala zimapindikira m'mwamba, chomenyera n'kukhala mnofu umene uli pansi pa zalawo. Mwana akazolowera m'nsapato, zalazo zimangoloza kutsogolo ine osaona, ndipo tsiku limene adzamenye thumba alibe nsapato adzathyoka chala chachikulu. China n'chakuti amachita ndi anzake. Soli kapena chingwe cha nsapato chikadutsa pankhope pa mnzake chimang'amba khungu, pamene phazi lokha likanangomuwawa basi.

Nsapato zimene munagulazo musataye mtima nazo, azithamangira. Koma pa karate n'zimene ndimaziopa kwambiri. Anazipanga kuti munthu azipita kutsogolo kokha: chidendene chokhuthala, soli yogwira pansi ngati ulimbo. Theche lozungulira, mawashi geri, limafuna kuti phazi loimira litembenuke pamodzi ndi chiuno. Likakanirira pansi, thupi limatembenukabe, ndipo chopotoka chimakhala bondo. Ndikunena zimene ndinaziona pathupi panga. Chaka china m'mwezi wa June simenti inkazizira ngati madzi a m'mtsuko, ine n'kuvala nsapato zothamangira kuti ndisamve kuzizira. Theche lachitatu ndinangomva kuti thoo m'bondo lamanzere. Ndinatsimphina miyezi itatu, ndipo mpaka lero mitambo ikachita bii, bondolo limayamba kundiuza za mvula anthu a zanyengo asanalengeze.

Pabwalo la sukulu pokhapo ndikusiyana nawo aphunzitsiwo, ndipo ndikunena mwaulemu poti sindikuwadziwa. Mabwalo athu mukuwadziwa: zidutswa za mabotolo, misomali, mawaya, minga, pena mbuzi zinagona pomwepo. Bala la msomali lingalowetse kafumbata. M'fumbi mumakhala matekenya. Pali njoka zina zam'mimba zimene ana ake amakhala m'dothi loipitsidwa ndi chimbudzi, ndipo amaboola khungu la kuphazi n'kulowa m'thupi, mwana n'kumachepa magazi inu mukudabwa. Onjezani dzuwa la October, dothi likamaotcha ngati chiwaya. Ena amati kuponda pamenepo kumalimbitsa mtima. Ine pa zaka zonse zimene ndaphunzitsa sindinaone mwana amene anakhoza kata, ndondomeko ya mateche ndi nkhonya imene munthu amaloweza n'kuionetsa yekha, chifukwa cholasidwa ndi botolo.

Ndiye mugulireni zansalu zotchipa, zafulati, zija ana amavala pa masewera a kusukulu. Poyesa pamsika, ipindeni ndi dzanja limodzi. Ikapindika mosavuta pamalo pa zala, ndi yomweyo. Aivale, aimirire ndi mwendo umodzi, atembenuke. Ikamakana kutembenuka, isiyeni. Zoterezi ndi za pabwalo pokha, zisalowe m'holo.

Tinthu tina ting'onoting'ono. Azitenga masilipasi, avale akamapita kuchimbudzi, avule pobwerera. Chipere ndi zilonda za pakati pa zala zimafala chifukwa cha mwana mmodzi amene wapita kuseri wosavala n'kudzapondanso pamene anzake akugwada. Zikhadabo muziwenga Lachisanu madzulo. Masokosi okha ayi ndithu, makamaka m'maholo athu opaka polishi wofiira aja; pamenepo ngakhale phazi la thukuta limatereka. Ndipo simenti siifewa chifukwa choti mwavula kapena mwavala, choncho zodumphadumpha zizichepa.

Mukapite mukacheze nawo aphunzitsiwo panokha, osati pamaso pa ana. Mukawauze kuti m'holo mwana azivula monga mwa lamulo lawo, koma pabwalo mukupempha kuti azivala. Mukhozanso kudzipereka kuti makolo muzisesa bwalolo ana asanayambe. Mphunzitsi amene angakane zonse ziwiri, ine ndingamukayikire.

FUNSO: Ndine mlonda, ndimagwira usiku nditavala jombo. Madzulo ndimaphunzira karate wosavala nsapato. Nanga akuba adzandidikira kuti ndivule? Mlonda, Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Achimwene, mwandiseketsa koma mwalasa. Sadzakudikirani. Jombo imalemera, imamanga akakolo, ndipo theche lofika kumutu limene mumalimenya mosavuta m'kalasi lingakugwetseni chagada pamiyala. Kamodzi pa sabata valani yunifolomu yanu yonse ndi jombo zomwe, mupite panja, muyese kuyenda, kubwerera m'mbuyo ndi kumenya thumba la mchenga. Mateche akhale a m'munsi, osapitirira m'chiuno, ndipo potembenuka nyamulani phazi muliikenso, musalipotolere pansi. Pa mnzanu musayese, jombo imaswa msongolo. A muay thai ku Thailand amamenya kwambiri ndi msongolo ndi bondo, ndipo zimenezo zimagwira ntchito kaya mwavala kaya ayi, ndiye n'zoyenera kuziphunzira. Koma maziko pitirizani kuwamanga wosavala, kuti sensei wanu aziona zolakwika. Ndipo anthu akabwera asanu ndi zikwanje, wenzulo ndi foni ndi zimene zidzakupulumutseni, osati lamba wanu wobiriwira wa karate.

FUNSO: Ndili ndi zaka 52 ndipo ndili ndi matenda a shuga. Adokotala anati ndizichita masewera, ndiye ndikufuna taekwondo imene ndinkailakalaka ndili mnyamata. Ndidzavulenso? Bambo wa ku Mzuzu.

YANKHO: Ayi bambo, inu musavule. Shuga amatha kupha mitsempha ya kumapazi, munthu n'kuchekeka osamva, ndipo bala lake limachedwa kupola. Mwayi wanu ndi wakuti a taekwondo ali nazo kale nsapato zophunzirira, zopepuka, zafulati, zambiri zobisa zingwe, ndipo zina zili ndi kabwalo pansi kothandiza kutembenuka. Zikasowa, zansalu zija ndatchula pamwambapa zikwana, bola zikhale zatsopano kapena zochapa bwino, zongovalira m'holo basi. Pampikisano ndi pamene salola nsapato. Kumeneko amavala zotchinga phazi zonga masokosi, ndipo kuyambira pa Olympics ya ku London mu 2012 zotchingazo zimathandiza makina kuwerenga mapointi. Koma inu simukupita ku Olympics. Muwauze aphunzitsi za matenda anu tsiku loyamba lomwe, mufunsenso adokotala anu za mapaziwo musanayambe. Mukaweruka, vulani, muyang'ane kuphazi ndi pakati pa zala pamalo owala. Kumene maso sakufika, ikani galasi pansi kapena itanani mayi akunyumba akuonereni.